A Ngozo ndi Bedi la Lameki

Loweruka lapitali tinali kumudzi ku Ntcheu kukaona chiliza cha malume anga, a Ngozo, popeza chaka chakwana chimwalirireni. Mwambo unayenda bwino, mvula inatilekerera, amayi a kumpingo anaimba mpaka mawu kusasa. Chimene chinandikwiyitsa ine ndi mawu a mkulu wa mpingo amene tinachoka naye ku Kawale. Anaimirira, n'kukonza tayi, n'kuyamba kutamanda malume kuti anali munthu wokonda ntchito yake, kuti Mulungu anawapatsa mphatso yokhoma mabokosi a maliro ndipo iwo anailandira ndi manja awiri mpaka tsiku lomaliza. Anthu ankangogwedeza mitu. Ine sindinawatsutse chifukwa pamanda sipokanganirana. Malume ntchito ya mabokosi ankadana nayo. Anayesa kuithawa, inawakaniza, ndipo aliyense wa ku Kawale amene ankagwedeza mutu pamenepo akudziwa bwino zimenezi.

Ine ndine mwana wa mlongo wawo. Ndinakwatiwa ku Kawale konko, ndipo kwa zaka zambiri njira yanga yopita kusukulu kumene ndimaphunzitsa inkadutsa pa shedi yawo m'mawa ndi madzulo. Ndiye izi si zakumva ayi. Zina ndinaziona, zina anandiuza okha, ndipo tsoka lalikulu m'nkhaniyi ndinalibweretsa ndine ndi miyendo yangayi.

Anali munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, chala chimodzi chinadukira pa sowo kalekale. Pensulo sinkachoka kukhutu kwawo. Lamulungu akazi awo, Anambewe, ankachita kuizula pakhomo la tchalitchi, iwo n'kumayenda akupapasa khutu mapemphero onse. Akabwera kwanu sankakhala pampando asanaugwedeze, ndipo ukakhala wogwedera ankautembenuza miyendo m'mwamba pamaso pa alendo n'kuyamba kufunsa kuti anakhoma ndani zimenezi, ali moyo kapena anamangidwa. Ine nditagula sofa ya pamsika sanandiyankhule sabata yathunthu. Atabwera anakhala pansi pa simenti, akuti msana wawo si woseweretsa.

Chipewa chawo chotuwa ankachivula aliyense akangoponda pa shedi. Poyamba ndinkayesa ulemu wa kwathu, koma ayi. Amene ankafika pamenepo ambiri anali anamfedwa, ndiye dzanja linazolowera lokha: phazi likamveka, chipewa pachifuwa, mawu pansi. Tsiku lina anavulira chipewa mayi wogulitsa nthochi, n'kumufunsa monong'ona kuti zachitika liti. Mayiyo anasenza dengu lake osagulitsa ndi nthochi imodzi yomwe, ndipo sanadutsenso mbali imeneyo.

Mabokosi sanayambe nawo. Anabwera ku Lilongwe ali mnyamata, nthawi imene mzinda unkamangidwa, n'kuphunzira ukalipentala kwa akuluakulu amene ankakhoma zitseko ndi mafelemu a mawindo m'nyumba za ku Area 18. Zaka zimenezo ndi zimene ankazitchula kuti ntchito. Ndili mtsikana, ndikabwera kudzacheza pa tchuthi, tikaweruka kutchalitchi ankanditenga kupita ku Area 18 popanda woti tikamuone. Tinkangoyenda m'misewu iwo akuloza, chitseko icho n'changa, icho n'cha mnzanga wa ku Dedza, waona chapendama. Ankaima pampanda wa eni ake mpaka agalu kuuwa. Tsiku lina anagogoda pa nyumba ya munthu wosamudziwa, kupempha kuti athire mafuta m'mahinjesi, chifukwa anamva chitseko chawo chikulira mwana akutsegula. Mwini nyumba poyamba anawayesa amisala, kenako anawapatsa tiyi. Nkhani ya tiyi ameneyo ndinaimva mpaka kuiloweza. Ankakonda kunena kuti kalipentala amasangalala kawiri, tsiku limene wapereka katundu, ndi tsiku limene wadutsa patapita zaka n'kupeza katunduyo akugwirabe ntchito, ndipo kwa iwo chenicheni chinali chachiwiricho.

Kenako matenda aja analowa m'makomo. Amene munali mu Lilongwe zaka zimenezo simufuna kuti ndikufotokozereni. Ku Kawale sabata sinkatha osamva kulira mbali iyi kapena iyo. Anthu anasiya kugula matebulo, ugula bwanji tebulo uli ndi wodwala m'nyumba? Mnansi wina mwana wake atamwalira anabwera kudzapempha malume kuti amukhomere bokosi, ndipo iwo anakhoma ngati chithandizo cha pamaliro basi. Bokosilo linakongola mopitirira muyeso, ndiye pamene panalakwika pamenepo. Sabata yotsatira kunabwera anthu awiri. Pomatha chaka shedi yonse inali mabokosi okhaokha, ndipo malume ankati sakukumbukira tsiku limene anavomera ntchito imeneyi.

Vuto lawo linali loti sankadziwa kukhoma chinthu mwachisawawa. Ena ankabisa ming'alu pomatapo fomika yonyezimira, iwo ankapala thabwa mbali zonse, ngakhale yapansi imene palibe adzaione. Akamaliza ankakhala pa benchi n'kumadandaula kuti mtengo wakula zaka makumi anayi, iwo aupala masiku awiri, anthu auyang'ana maola atatu maso ali misozi yokhayokha, kwatsala ndi kwa chiswe. Madzulo ena ndikuchokera kusukulu anandiimitsa, n'kundionetsa zikhatho zawo.

"Zonse zimene manjawa akhoma zaka khumi zili pansi pa dothi. Ndikamayenda ndiziloza chiyani?"

Ntchitoyo inawadya pang'onopang'ono. Anasiya kuzonda odwala, iwo amene kale ankakhala oyamba kufika ndi paketi ya shuga. Anapita kukaona mnzawo wakale ku Biwi ali gone, n'kumva mlongo wa wodwalayo akunong'ona kukhitchini kuti a mabokosi afika kale munthu akupumabe. Kuyambira pamenepo akamva kuti uje wadwala ankatuma Anambewe. Pamsewu ankayenda maso ali pansi, chifukwa akamuyang'anitsa munthu, makamaka woonda, munthuyo ankaganiza kuti akumuyeza ndi maso. Wamalonda aliyense amauza kasitomala kuti mubwerenso, koma iwo mawu amenewo sakanawatulutsa. Ku maukwati ankaitanidwa mwa apo ndi apo, ndipo akapita ankakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khomo.

Anambewe ndi mayi wolimba, pakamwa popanda chitseko, ndipo ndimawakonda ngakhale tinkasemphana. Mkangano wawo ndi malume unali umodzi womwewo chaka ndi chaka. Iwo ankafuna mabokosi aziikidwa panja, pamsewu, monga ankachitira ena ku Mchesi, kuti odutsa aziona. Malume ankakana, ankawabisa kuseri kwa chinsalu chakuda ngati katundu wakuba. Anambewe ankawafunsa ngati manyaziwo aziwathira mchere n'kupatsa ana. Ankawakumbutsa kuti ana asanu aphunzira ndi mabokosi omwewo, malata a nyumba ndi mabokosi omwewo. Zinali zoona, ndipo n'chifukwa chake malume ankakwiya kwambiri. Mawu ankamveka mpaka kumsewu, kenako onse ankatopa n'kukadyera mbale imodzi.

Mankhwala otalikitsa moyo atayamba kuperekedwa m'zipatala, tinaona anthu amene tinawatayira kale mtima akudzuka n'kuyambanso kupita ku ganyu. Okhoma mabokosi ena ankadandaula chamumtima kuti malonda atsika. Malume ndiye ayi, ankachita kuimba mluzu. Lamulungu lina masana anatiitana tonse, Anambewe, mwana wawo wamkulu ndi ine, n'kutikhazika pakhonde. Anati zaka zapita, maso ayamba chidima, ndipo mphamvu zimene zatsala akufuna zithere pa zinthu za anthu amoyo. Kuyambira mawa bokosi sakhomanso. Anambewe anafunsa ngati mipandoyo tizidzaikazinga. Mwana wawo anangoyang'ana pansi. Amene anaomba m'manja ndinali ine ndekha, ndipo ndinaomba mokweza dala.

Mkulu wa mpingo uja, yemwe uja wa tayi, anabwera sabata yomweyo. Anati wamva mphekesera, ndipo wabwera ngati mbale. Anawauza kuti ntchito yawo si ntchito wamba koma utumiki, kuti mpingo ukagwa m'mavuto umadziwa kothamangira, ndiye asiya bwanji nkhosa pa nthawi yotere. Malume anamvetsera chipewa chili pachifuwa. Atachoka mlendoyo anandiuza kuti Yosefe wa m'Baibulo anali kalipentala, koma iwo sanamvepo kuti ankakhoma mabokosi okhaokha. Pamaso pa mkuluyo sananene zimenezo, ndipo ndimadandaula mpaka lero.

Anachita zenizeni. Zogwirira za mabokosi ndi nsalu yoyera imene inatsala anapatsa mnzawo wa ku Mchesi. Chikwangwani anachifufuta n'kulembapo mipando, matebulo, mabedi ndi zitseko. Anagula matabwa a mlombwa, ouma bwino, n'kuwasanja m'shedi. Koma anamfedwa sawerenga chikwangwani. Anthu ankabwerabe m'mamawa atanyamula bango kapena chingwe chimene ayezera mtembo, ndipo kwathu kuno munthu wonyamula muyeso wa maliro sumubweza ngati wotsatsa tomato. Malume sankatha kunena kuti ayi pamaso pa munthu wotero. Ndiye anapeza nzeru yothawa. Kukangocha ankabwera kwanga, kukhala pakhonde n'kumamwa tiyi mpaka dzuwa litakwera, Anambewe ali kunyumba akuuza anthu kuti a Ngozo achokapo, yesani ku Mchesi. Bambo wamkulu wa imvi zake, kubisala kwa mwana wa mlongo wake ngati mwana wothawa sukulu! Amuna anga ankawaseka, iwo n'kumaseka nawo, koma wina akagogoda pageti kuseka kwawo kunkathera pomwepo.

Masana ankakhoma. Choyamba chinali tebulo ndi mipando isanu ndi umodzi, ndipo abale inu, zokongola chotero sindinazionepo ngakhale m'masitolo a m'tauni. Anaziika panja, pamsewu penipeni pamene anakana kuika mabokosi zaka zonse zija. Anthu ankachedwetsa mapazi, kuyamikira chapatali, osakhudza. Mayi wina anakhalapo kuti ayese, mnzake n'kumukoka chitenje, akuti iwe, ukuwadziwa manja amene akhoma zimenezi? Anthu omwewo amene anaika abale awo onse m'mabokosi a malume n'kumathokoza. Mwezi unatha, wachiwiri unatha, mipando n'kuyamba kutuwa ndi fumbi la minibasi. Malume ankaipukuta m'mawa, kuipukuta masana, madzulo n'kuilowetsa.

Pakhomo zinthu zitathina, ine ndinapereka nzeru yoti munthu wina wogulitsa mipando ku Area 25, kumene a Ngozo sankadziwika, atenge katunduyo azigulitsa ngati wake. Anavomera monyinyirika. Mipandoyo inapita sabata yomweyo. Ndinathamangira kwawo ndikuyesa ndiwapeza akuvina, koma ndinawapeza ali ndwii. Anali atafunsa wogulitsayo kuti katundu wapita nyumba iti, iye n'kuyankha kuti sakudziwa, ndipo ngakhale akanadziwa sakanawauza, kuopa angakagogode n'kumuonongera malonda. Malume anandifunsa kuti nanga kusiyana kwake ndi bokosi kuli pati, chinthu chachoka pa shedi, sudzachionanso. Apo mpamene ndinamvetsa. Chimene ankafuna chinali chaching'ono. Ankafuna chinthu chimodzi chokha chilowe m'nyumba ya munthu wamoyo, wodziwa kuti anakhoma ndi a Ngozo, kuti tsiku lina adzadutse n'kuchipeza chikugwira ntchito.

Ndiye ndinabweretsa Lameki. Anali mphunzitsi mnzanga, wa ku Dowa, wamtali moti pakhomo la kalasi ankachita kuwerama. Chinkhoswe chinali chitachitika, ukwati uli pafupi, ndipo ankadandaula kuti pa mabedi onse a pamsika mapazi ake amalendewera kunja. Za malodza analibe nazo ntchito, ankaphunzitsa sayansi. Nditamuuza za malume, osabisa kanthu, anaseka n'kunena kuti bedi ndi bedi. Tinapangana Loweruka masana. Chimene sindinadziwe n'chakuti abwera ndi mkazi wake wodzam'kwatirayo, ndipo kumbuyo kwawo kubwera mayi a mtsikanayo, a Nachisale, a ku Kawale konkuno, amene ankati matabwa a bedi la mwana wawo awaone ndi maso awo.

Tsikulo malume anasesa shedi kawiri. Anavala malaya ochapa, ndipo chipewa anachisiya dala m'nyumba kuti dzanja lisawapusitse. Anaonetsa matabwa, akugogoda ndi chala kuti timve kuuma kwake. A Nachisale anaima chapakhomo, patali pang'ono ndi mkamwini monga amachitira apongozi, ndipo anavomereza kuti mlombwawo ndi weniweni. Zonse zinkayenda bwino, ine mtima uli m'malo. Kenako Lameki anatchula za kutalika kwake, malume n'kumuuza kuti atsamire khoma aime chilili. Anatulutsa tepi, kuyeza kuyambira paliwombo mpaka kuchidendene, n'kulemba pa thabwa ndi pensulo. Mpaka pamenepo, ngakhale zinali zachilendo, munthu akanamvetsa. Koma manja aja sanaime. Tepi inapita m'mapewa, phewa ili mpaka ilo, n'kulemba. Kenako anapita chammbali n'kuyeza kuchokera kumsana kufika pachifuwa. Anachita mwachangu, mwaulemu, nkhope ili pansi, momwe ankachitira akaitanidwa pasiwa achibale akalephera kuyeza okha. Bedi silifuna mapewa a munthu, ngakhale mwana amadziwa. Chimene chimafuna mapewa ndi chifuwa tonse tinkachidziwa.

Malume anayang'ana manambala atatu aja pa thabwa, pensulo ili m'malere, ndipo ndinaona nkhope yawo ikusintha pamene anazindikira. Dzanja linakwera kumutu kukafuna chipewa, chipewa palibe.

A Nachisale sanakuwe. Analowa n'kugwira mwana wawo padzanja.

"A Ngozo, mwana wa eni akeyu wakulakwirani chiyani kuti mumuyeze ali moyo? Ukwati usanachitike n'komwe, mwatilaula."

"Pepani, mayi, ndi manjawa," anatero malume. "Mutu wanga unali pa bedi."

"Manjawo ndi amene ndikunena."

Anatuluka ndi mwana wawo. Lameki anayesa kuseka kuti zinthu zipepuke, koma kuseka kwake kunali kouma, ndipo naye anatsatira. Ine ndinatsala ndikusowa poyang'ana. Ndinamva manyazi, ndinamva chisoni, ndipo ndivomere kuti pamene tepi inkadutsa m'mapewa muja nanenso tsitsi linandinyerenyetsa, ine mphunzitsi, ine amene ndinaomba m'manja pakhonde paja.

Malume anatenga puleni n'kupala manambala aja mpaka thabwa kuyera. Bedi analikhomabe, popanda wowauza kuti apitirize. Linawatengera milungu itatu. Linali lalitali bwino, lopanda msomali wooneka, kumutu kwake anasemako masamba. Lameki anabwera yekha tsiku lina ataweruka, analisisita, anati n'lokongola kuposa mmene ankaganizira, kenako anapepesa kuti mtsikana wakana kwamtuwagalu kudzagonapo ndipo ankhoswe alowererapo. Ngati izo sizinakwane, patangopita masiku ochepa anagwidwa malungo n'kugonekedwa kuchipatala. Inali nyengo ya mvula, theka la Kawale linkadwala malungo omwewo. Anachira, ukwati unachitika, lero ali ndi ana ndipo wanenepa. Koma nkhani inali itayenda kale pa mpopi ndi kuchigayo kuti a Ngozo anamuyeza munthu, munthuyo n'kugwa. Za kuchirako palibe ankazitchula.

Malume anati basi, bedilo lilowe m'nyumba mwawo, popeza lawo linali lachitsulo lakalekale. Analinyamula ndi mwana wawo mpaka pakhonde, Anambewe n'kuima pakhomo. Ndinalipo, ndipo ndinayesa nthabwala. Anambewe anati iwo adya za mabokosi zaka zonsezi osadandaula, achapa nsalu zoyera, atonthoza anamfedwa pakhomo pawo pomwe, koma kugona pa chinthu chimene chinayezedwa mwa njira imeneyo ayi, adzalilowetse iwo atapita. Ndinadikira phokoso la masiku onse. Malume anangouza mwana wawo kuti agwire uko abwerere nalo. Mikangano yawo yonse sinkandiopsa, koma uwu unandiopsa. Bedi linabwerera m'shedi, ndipo masana malume ankagonapo okha, chagada, pa matabwa opanda matiresi. Odutsa ankasuzumira n'kufulumiza mapazi.

Kwanga anasiya kubwera kudzabisala, ankangodzitsekera m'shedimo m'mawa wonse. Palibe anabweranso kudzafunsa za mpando, ngakhale kachitulo ka kukhitchini. Komabe analimba, bokosi sanakhome, ndipo miyezi inadutsa. Ndiye m'mawa wina nyengo yozizira, ndikupita kusukulu, ndinaona anthu atatu ataima pa shedi, abambo awiri ndi mayi atafunda chitenje kumutu. Anali a Nachisale. Achimwene awo anali atamwalira kuchipatala dzulo lake. Kukafuna bokosi ndi ntchito ya amuna, koma amunawo anali atabwezedwa kale ndi Anambewe, ndiye mayiwo anachoka pasiwa n'kubwera nawo iwo eni, bango lili m'manja. Anagogoda mpaka malume anatsegula, kenako anagwada pa utuchi.

"A Ngozo, ndikudziwa zimene ndinakuyankhulani. Koma achimwene angawa ndi amene anandilera. Sindingawaike m'bokosi lomatamata. Wokhoma bwino kuno ndinu nokha."

Bedi lija linali pomwepo, kumbuyo kwa malume, aliyense akuliona. Ndikanakhala ine ndikanawakumbutsa, mawu ndi mawu, mpaka akanadzuka okha. Ndinaima pamsewu ndikupemphera chamumtima kuti akane, Mulungu andikhululukire, pa maliro a munthu. Malume anayang'ana bango lija nthawi yaitali. Kenako chipewa chinatsikira pachifuwa, dzanja linatambasuka n'kulandira.

Matabwa a mlombwa amene anasungira zitseko ndi amene anapita. Bokosilo anthu ankalinena pamaliro ponse, ndipo mwezi usanathe shedi inali itadzazanso. Madzulo a tsiku limene analandira bango lija ndinapita kukawakalipira. Ndinati malume, mwadzipereka kwa munthu amene anakunyozani pamaso pa ana, miyezi yonseyi mwavutikira chiyani? Iwo ankapala chivindikiro, sanasiye.

"Unkafuna ndiwabweze ndi bango lawo m'manja? Iweyo ukanatha?"

Ndinatembenuka n'kubwerera kunyumba.

Anakhomanso zaka ziwiri ndi miyezi ingapo. Za mipando sanazitchulenso, ndipo akabwera kwanga ankakhala pa sofa ija osaigwedeza. Bedi mwana wawo analitumiza ku Area 25 iwo ali kutchalitchi. Atabwera anayang'ana pamene linali, n'kukokerapo matabwa, osafunsa kuti lapita kwa ndani. Anagwa masana ena akupala thabwa, madokotala anati ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo anamwalira patapita masiku awiri osayankhulanso. Anthu ankanong'ona kuti anadzikhomera bokosi lawo n'kulibisa penapake. Tinafufuza ponseponse, munalibe. Tinakagula kwina, ndipo chivindikiro chake anachita kuchikanikiza ndi bondo kuti chitsekeke.

Shedi ikadalipo. Zipangizo ana anagawana, Anambewe anabwerera kumudzi, malata atatu anapita ndi mphepo. Mwana wawo anayesa kuchititsa lendi. Wometa tsitsi anakhalamo milungu itatu, anthu osalowa kukapereka mitu yawo m'menemo, n'kusamuka. Mayi wa mandasi anayesa pakhonde, nayenso anasamuka. Tsopano muli benchi lolemera limene palibe anatha kulinyamula, utuchi unasanduka dothi, bonongwe wamera pakati penipeni pamene mvula imadontha, ndipo nkhuku za aneba zimaikira mazira pakona. Khomo lilibe chitseko, anthu anachizula kalekale.

Patsogolo pake minibasi zimaima. Kale pamalopo panalibe dzina, munthu unkangoti nditsika apo. Chaka chino makondakitala apatchula dzina. Pobwerera kuchokera ku Ntcheu Lamulungu ndinakwera minibasi ya ku Kawale, ndipo tikuyandikira, kondakitala anafunsa ngati alipo otsika pa Mabokosi. Ndinati ine nditsika pa a Ngozo, akalipentala. Anandiyang'ana, akuti kumeneko sakukudziwa, mayi nenani bwinobwino tingakupitirireni. Dalaivala sanachepetse liwiro. Ndinali ndi thumba la mbatata pamiyendo, kunja mvula itayamba kudontha, anthu onse akundiyang'ana.

Ndinati pa Mabokosi. Kondakitala anamenya chitseko, minibasi inaima.